Akavalo othamanga kwambiri ndi amene amapuma msanga

Tsopano mtima wakhala pansi. Funso limene linkandizunguza mutu pa phunziro la akavalo a mpikisano linali ili: kavalo amakhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30, nanga bwanji akavalo opambana kwambiri amawapumitsa ali ndi zaka 3 kapena 4 zokha, mphamvu zikadalipo? Za kuvulala kwa mitsempha ya m'miyendo, kuthyoka kwa mafupa ndi kutuluka magazi m'mapapo sindibwereza, tonse a m'kalasi mwathu tili nazo m'makope. Zimenezo zimafotokoza za kavalo wopweteka. Koma Secretariat, kavalo wamphongo wotchuka wa ku America, sanali wopweteka.

Iyeyu anapambana Triple Crown ya ku America, kutanthauza mipikisano itatu ikuluikulu ya akavalo a zaka 3, mu 1973, ndipo chaka chomwecho anasiya kuthamanga ali bwinobwino. Asanathamange n'komwe Kentucky Derby, woyamba mwa mipikisano itatuyo, eni ake anali atagulitsa kale magawo a ufulu womukweretsa pa madola 6.08 miliyoni, ndipo mgwirizano unali wakuti chaka chikatha apite kufamu. Apa ndiye panandigwira. Kavalo wamphongo amapuma tsiku limene mbewu yake yakwera mtengo kuposa miyendo yake. Basi.

Taganizani bwino. Pa mtundu wa akavalo a mpikisano wotchedwa Thoroughbred, mwana salembedwa m'kaundula ngati mayi wake anapatsidwa umuna ndi dokotala, pamafunika kuti wamphongoyo akwere yekha. Ndiye ayenera kukhala pafamu, ndipo wotchuka amakwera akazi oposa 100 pa nyengo imodzi. American Pharoah atapuma mu 2015, mtengo wake woyamba unali madola 200,000 pa kavalo wamkazi mmodzi. Chulukitsani ndi 100 muone. Mwini wake wotani angamubwezere kubwalo kumene kuphunthwa kamodzi kokha kungathetse zonsezo? Frankel ku England anathamanga ka 14, n'kupambana ka 14, mu 2012 n'kupuma ali ndi zaka 4. Nkhani yake ndi yomweyi.

Chimene chinandithandiza ndi tebulo. Ndinalemba mizere itatu: kodi ndi wamphongo, wamkazi kapena mfule, anapuma ali ndi zaka zingati, ndipo anapita kuti. Kunena zoona, phunziro lililonse la ziweto likanamaphunzitsidwa ndi tebulo lotere bwenzi palibe wolephera mayeso. Mbali ya mifule ndi imene imatsimikiza zonse. Kavalo wofulidwa alibe mbewu yogulitsa, ndiye amathamanga mpaka thupi litakana. John Henry anasankhidwa kukhala kavalo wopambana onse ku America mu 1984 ali ndi zaka 9. Red Rum anatenga Grand National, mpikisano wodumpha mipanda wa ku England, kachitatu mu 1977 ali ndi zaka 12, ngakhale kuti a mpikisano wodumpha mipanda amayamba mochedwa kale, ndiye osawayerekeza kwambiri ndi enawa. Akazi ali pakati. Bere limatenga pafupifupi miyezi 11, mwana mmodzi pa chaka, choncho palibe chothamangira kwenikweni. Winx wa ku Australia anapambana ka 33 motsatizana n'kudzapuma mu 2019 ali ndi zaka 7.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi anathera nthawi yonse akutijambulitsa mwendo wa kavalo, fupa ndi fupa, mtsempha ndi mtsempha. Za ndalamazi anangozitchula belu litatsala pang'ono kulira, anthu akulongedza kale zikwama. Sikuti mwendowo ndi wosafunika ayi, koma akanayamba ndi funso lakuti amene akupindula ndani, zinazo zikanalowa m'mutu mosavuta. Panopa mayeso ayandikira ndipo nthawi yoti ndiwerengenso zonse ndi maso atsopanowa ndilibe.

Komabe tebulo langa lili ndi mayina otchuka okhaokha. Akavalo ambiri amapuma chifukwa sakupambana, pomwe chakudya, mphunzitsi ndi dokotala zikudya ndalama mwezi ndi mwezi. Ena mwa amenewa amaphunzitsidwa ntchito ina, monga kukwezedwa wamba kapena masewera odumpha, ndipo ku Britain kuli bungwe la Retraining of Racehorses loona zimenezi. Mwina nawonso akulowa mu lamulo langa lija loti ndalama ndi zimene zimapumitsa kavalo, kungoti mbali yake ndi yoluza. Koma pali china chikundivutabe. Ngati amphongo opambana ambiri akuchoka ali ndi zaka 3 kapena 4, tisanaone ngati miyendo yawo ndi yolimba mpaka zaka 6, kodi ana awo akutengera liwiro lokha kapena ndi kulimba komwe? Ndikaliganiza m'mawa ndimaona ngati ndi vuto lalikulu, madzulo n'kumaona ngati ndikungokokomeza.