Loweruka la madzi m'buti

Lero tsiku lonse lathera pa buti ya kagalimoto kanga. Ndinakonza zonyamuka m'mamawa kuno ku Ngabu kukasiya thumba la mpunga ndi mafuta ophikira kwa amayi ku Bangula, ndibwereko dzuwa lisanafike paliwombo. Mvula ya usiku wathawu, ija inabwera ndi chimphepo chowomba cham'mbali, ndiyo yasintha zonse.

Nditangotsegula chitseko ndinamva fungo la chuku. Magalasi onse anali owala bwinobwino kupatula lakumbuyo, lomwe linali ndi nthunzi mkati. Kapeti ya m'buti pamwamba inali youma ndithu, moti ndikanatha kungoikapo katundu n'kumapita. Koma fungolo linandikayikitsa, ndiye ndinatukula kabolodi kamene kamaphimba tayala la sipeya. Mayo ine! Dzenje lonse lokhala tayala linali thoo ndi madzi ofiirira, ofika pakati pa limu. Jeke, sipanala ya mawilo ndi matrayango aja amafunsa apolisi pa rodibuloko, zonse zili m'madzi. Nditakweza jeke, dzimbiri linatsalira m'manja. Pakhoma la dzenjelo panali mizere yofiira yosanjikizana, kusonyeza kuti madzi akhala akudzaza, kuphwera, kudzazanso kuyambira mvula zoyamba.

Alamu anga anatulukira ndili chiwerewere kuyang'ana madziwo. Iwo sachedwa ndi nzeru. "Alamu, musavutike mtima. Tengani msomali wa sikisi inchi mubowole pansipo, madzi azituluka okha. Ambiri ndi mmene amachitira."

Ndinakana, ndipo ndikanabe ngakhale mawa. Pansi pa dzenje limeneli pali kale chitsekerero cha labala chimene opanga galimoto anaikapo kuti munthu athe kutulutsa madzi. Ndinachisomola ndi sikuludiraiva, madzi onse anakhuthukira pansi, n'kuchibwezera pamalo pake. Bowo la msomali ndi nkhani ina. Limasiya chitsulo pamtunda, chopanda penti, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Chachiwiri, bowo silidziwa kuti madzi akuchokera mkati kapena kunja. Ife a kuchigwa timawadziwa madzi ochokera pansi. Mvula yathu si yambiri ngati ya ku Thyolo kapena ku Mulanje, koma yambiri imene yagwa kumapiriko imathera kwathu kuno. Sitinaiwale za Januwale wa 2015, za namondwe wa Ana mu 2022 amene anadula msewu wa M1 ndi kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi za Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale chaka chabwinobwino, timitsinje timene timakhala mchenga wokhawokha m'chilimwe timasefukira pamsewu, ndipo galimoto yaing'ono yotsika ngati yangayi imawoloka madzi akunyambita pansi pake. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti paipi ya utsi imatulukira pafupi pomwepo. Mpweya woipa wa mu utsi wa galimoto sununkha, ndipo kumpando wakumbuyo n'kumene kumakhala ana anga.

Choncho ndinaimbira amayi kuti asandidikire, n'kuyendetsa kupita kwa bambo ena achikulire amene amawongola ndi kupenta galimoto pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa msika.

Anamva nkhani yanga osandidula. Atatero sanayang'ane m'dzenje muja nkomwe. Anauza mnyamata wawo wophunzira ntchito kuti atulutse chilichonse m'buti: tayala, kapeti, chinsalu chokhuthala chapansi pa kapeti chija, ndi mapulasitiki ophimba m'mbali. Chinsalucho chinali cholemera ndi madzi, mnyamatayo atachifinya chinatulutsa madzi akuda onunkha. Kapeti imanamiza chifukwa pansi pake imakhala ndi pulasitiki, ndiye pamwamba pamauma pamene pansi pakuwola.

"Mayi," anatero bambowo, "pamene mwawapeza madzipa si pamene alowera. Madzi amayenda m'kati mwa zitsulo mpaka apeze potsika. Bwerani muone."

Anandilozera kuseri kumene kunali pulasitiki ya kumanzere. Chitsulo chonse chinali chitakutidwa ndi fumbi losalala la m'chilimwe, lija limalowa paliponse mu Okutobala. Pakati pa fumbilo panali kanjira koyera, kopyapyala, kokhotakhota, pamene madzi anatsuka potsika. Anakatsatira ndi chala kuchokera pansi, pang'onopang'ono, kudutsa pa waya, kuzungulira kabawuti, mpaka kuseri kwa nyale yakumbuyo ya kumanzere. Anati kumene kulibe fumbi anthu amawaza pawudala wa mwana kapena choko choperapera kuti aone kanjira kotere, koma kuno fumbi lathu limagwira ntchitoyo lokha. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu kuyang'ana kanjira kaja. Galimoto inali italemba kale vuto lake, kungoti pankafunika wina wodziwa kuwerenga.

Komabe sanakhutire ndi maso okha. Anati tiyese ndi madzi. Mnyamata anatenga chigubu kuti akatunge pa mjigo wapafupi, koma bambowo anamubweza. Mijigo yambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ili ndi madzi amchere, ena mpaka sopo sachita thovu, ndipo mchere pa chitsulo chimene chayamba kale dzimbiri ndi kuwonjezera moto. Tinagwiritsa ntchito madzi a mvula amene anadzadza mu diramu usiku.

Mayesedwe ake ndiwo andiphunzitsa kwambiri lero. Tinapukuta m'buti monse mpaka gwaa. Tinagoneka mipando yakumbuyo, mnyamata analowera kutsogolo n'kukagona chafufumimba ndi tochi ya pafoni, buti n'kutsekedwa. Zitseko zam'mbali tinazisiya zotsegula, pakuti ndi kutentha kwa kuno munthu sungamutsekere m'galimoto ngakhale kwa kanthawi kochepa. Bambowo anatenga kheni yothirira ndiwo zamasamba n'kuyambira pansi penipeni, pa bampala. Kuthira, kudikira, kufunsa: "Iwe, kuli bwanji uko?" "Kouma, bambo." Ndiye n'kukwera pang'ono. Ine mtima unali m'mwamba kufuna kungokhuthulira ndowa yonse padenga, koma iwo anati ukayambira pamwamba madzi amanyowetsa malo onse nthawi imodzi, ukaona dontho mkati sudziwa kuti ladzera pati. Ukayambira pansi, malo aliwonse amayankha okha.

Atafika pa nyale ya kumanzere sipanatenge nthawi. "Alowa! Alowa, bambo, akutsika pakanjira komwe kaja!"

Anamasula manati ndi sipanala ya namba 10, nyale n'kutuluka. Pakati pa nyale ndi thupi la galimoto pamakhala kagasiketi ka siponji kozungulira bowo lodutsa mawaya a mababu. Kanga kanali kataphwatalala, kouma, kong'aluka pamwamba. Bambowo anakaika m'manja mwanga, nditakafinya pang'ono kananyenyeka ngati chigumu cha dzana. Madzi onse otsika kuchokera padenga amayenda m'ngalande ya m'mbali mwa chitseko cha buti n'kudzadutsa pamwamba pa nyale imeneyi, ndiye kagasiketi kakatha palibenso chowatchinga.

Zimenezi sizodabwitsa. Timagalimoto timeneti timabwera kuchokera ku Japan titayenda kale zaka zingapo, tambiri timadzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Labala wake amafika atakalamba kale. Kenako timadzatsika phiri lija la ku Chikwawa, kuchoka ku Blantyre kumene n'kokwera mamita opitirira 1,000, kudzafika pa Thabwa ndi kuno kumene n'kotsika pafupifupi mamita 100 okha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo galimoto yoima padzuwa yotsekedwa imatentha kuposa pamenepo. Labala ndi siponji zimapsa m'chilimwe mwakachetechete, ife n'kudzazindikira mvula itagwa.

Ine ndinayesa kuti tamaliza. Bambowo anamata bowo la nyale ndi tepi, n'kuuza mnyamata kuti abwerere mkati. Anati galimoto ya msinkhu uwu kawirikawiri siidontha malo amodzi. Anayesa labala wamkulu wozungulira chitseko cha buti potsekera kapepala pakati n'kukakoka, malo ndi malo. Pamene labala akugwira bwino pepala limakanirira, pamene watha limangosololoka. Wanga anagwira paliponse, kungoti m'munsi munali mchenga ndi timbewu ta mpunga, zimene anachotsa ndi nsanza yonyowa. Anathira madzi pa waipa yakumbuyo, pa mabawuti a nambala, pa kanyale ka mabuleki kapamwamba, ndi pa kapaipi ka labala kodutsa mawaya kuchoka padenga kulowa m'chitseko. Monsemo mouma.

Atathira padenga penipeni kumanja, tinadikira nthawi yaitali osamva kanthu. Ndinali nditayamba kale kupinda kapeti pamene mnyamata anaitana kuti waona dontho limodzi likutsika kuseri kwa lamba wa mpando. Bambowo anatukula kalabala kakuda kamene kamayenda m'litali mwa denga. Pansi pake ndi pamene chitsulo cha denga chimalumikizana ndi cha m'mbali, ndipo pamzerepo pamakhala zomatira zopentedwa. Kumapeto kwake, pafupi ndi hinjesi ya chitseko cha buti, panali kamng'alu kopyapyala koti popanda kulozeredwa sindikanakaona. Ataikapo nsonga ya mpeni, kachidutswa kouma kanagamphuka. Zomatira zija zimauma ndi zaka, ndipo thupi la galimoto limapindikapindika pang'ono tikamagunda mabampu m'misewu yathu yafumbi yolowera kumidzi.

Tinapumira kaye. Mayi wina wogulitsa nsima pafupi anatibweretsera ya makakana owamba a kudambo, ndipo tinadya tili pansi pa nimu uku chinsalu chija chikuuma pa mpanda.

Tikudya ndinafunsa ngati ndingakagule silikoni ku hadiweya, uja amamatira masinki. Anapukusa mutu. Anati ndikadzatsegula chubu chake ndidzanunkhize, ngati akununkha viniga ndiye kuti ali ndi asidi amene amadya chitsulo pansi pake, ndipo penti sagwira pa silikoni. Galimoto zambiri zimene zimafika pamalo pawo zitabooka m'makona a buti zimakhala zitapakidwa silikoni wotero mbali zonse ndi munthu amene sanafufuze polowera madzi. Iwo anatulutsa chubu cha zomatira zakuda za polyurethane, za mtundu umene amamatira magalasi a galimoto. Anapala zakale zonse pamng'alu paja mpaka kufika pa chitsulo, anakwecha ndi sandipepa, anapukuta ndi thinazi, anapaka kapenti kofiira koteteza dzimbiri, n'kudikira kuti kaume. Kenako anaika mzere wopyapyala wa zomatira n'kuusalaza ndi chala chonyowetsa m'madzi a sopo. Kumata kwenikweniko kunali kwa mphindi zochepa, nthawi yonse inathera pa kuyeretsa.

Gasiketi ya nyale kuno sungaipeze. Anadula ina kuchokera ku chubu chakale cha tayala la galimoto, poika yakale ija pamwamba n'kulemba mozungulira ndi bolopeni. Pobwezera nyale anamanga manati mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kuopa kuthyola pulasitiki. Anandiuza poyera kuti chubu si chofewa ngati siponji, chingandipirire dzinja lino koma ndipeze yeniyeni, ndipo ndigule ziwiri chifukwa ya kumanja ndi ya zaka zomwezo. Kunena zoona kotereku n'kumene kumandipititsa kwa bambo amenewa.

Chomaliza anagwada n'kusuzumira kuseri kwa bampala. Kumeneko kuli kazenera kapulasitiki kokhala ndi timalilime ta labala, kotulutsira mpweya wa m'galimoto munthu akamatseka chitseko kapena akayatsa fani. Timalilime timeneti timayenera kutseguka potulutsa mpweya n'kudzitsekanso tokha. Kamodzi kanali katapindika ndi kutentha, kumangokhala kukamwa yasa. Mvula siingalowere pamenepo kwenikweni, koma madzi a pamsewu powoloka ndi fumbi zimalowa. Mnyamata anati tingomata kazenera konseko, bambowo anamukaniza, pakuti ukatseka pamenepo zitseko zimavuta kutseka ndipo magalasi amachita nthunzi kwambiri. Anakawongola kalilimeko ndi madzi otentha n'kutsuka matope onse.

M'dzenje la sipeya anakwecha dzimbiri ndi bulashi ya waya n'kupaka penti yofiira ija. Mwamwayi chitsulo sichinabooke. Jeke tinaitsuka, n'kuipaka gilisi pa ulusi wake, ndipo ikukwera bwino. Ndalama imene anatchula inali yochepa poyerekeza ndi ntchito ya tsiku lonse, ndinawonjezerapo kangachepe ka mnyamata uja amene thukuta linali kamukamu. "Takhuta, mama," anatero bambowo pothokoza m'Chisena, n'kundikumbutsa kuti zomatira zisakhudzidwe mpaka mawa.

Galimoto ndaigoneka pakhonde la sitolo ya alamu pamene pali malata. Kapeti, mapulasitiki ndi chinsalu chija sindinabwezere, zili m'nyumba, chifukwa chinsalucho mkati mwake mudakali chinyontho ndipo chikufunika dzuwa lina. M'buti ndayalamo manyuzipepala akale mpaka m'makona kuti mvula ikadzagwanso ndidzaone ngati pali pena pamene tasiya. Mawa tikaweruka ku tchalitchi tithiranso madzi ndi kheni, kuyambira pansi. Ndatumiza kale uthenga pa WhatsApp kwa achimwene ku Blantyre, ndi chithunzi cha nyale, kuti akayang'ane magasiketi awiri kwa ogulitsa zipangizo ku Ndirande, adzapatsire kondakitala wa minibasi yobwera kuno. Mpunga wa amayi upita Lolemba, pampando wakumbuyo.