Mphindi zinayi za pabedi

Lolemba ndinatsegula kompyuta n'kupeza maola 31 a zithunzi zomwe anzanga anajambula. Ntchito yanga ndi kudula ndi kulumikiza mpaka patuluke filimu ya mphindi 95. Nkhani yake ndi ya mayi wa zaka 52 amene ukwati wake watha, ana onse atakula kale n'kuchoka pakhomo.

Masiku awiri oyambirira anangodutsa ndikudula zithunzi za kukhoti, kulongedza katundu, kukalipirana pa foni. Zimenezi sizivuta, mkwiyo umadziwonetsa wokha poyenera kudula.

Lachitatu ndi pamene ndinakakamira. Pali pena pomwe mayiyu wagona m'mphepete mwa bedi, mbali yomwe wakhala akugona zaka zonse, pomwe mbali inayo palibe munthu. Kamera yangoti duu. Kenako amasendera pang'ono, kuima, kusenderanso, mpaka kutambasula manja pakati penipeni. Mphindi zinayi, mawu n'amodzi omwe. Wosewerayo anabwereza kasanu, ndipo kachitatu anachita ngati akupepesa kwa pilo wopanda mwini. Ndinasankha kameneko.

Bwana amene akulipira filimuyi anati ndisiye masekondi 40 okha, ndipo kumapeto mayiyu apeze mwamuna wina kuti anthu atuluke akumwetulira. Ndinangoyankha kuti ndamva, bwana.

Usiku ndinaoneranso Gloria, filimu ya Sebastián Lelio ya mu 2013, yomwe inapezetsa Paulina García mphotho ya Silver Bear ku Berlin. Mayi wa zaka 58 wa ku Santiago, m'dziko la Chile, amapezadi chibwenzi, Rodolfo, koma bamboyo sanamasuke ku banja lake lakale, foni imangolira. Pamapeto Gloria amavula magalasi n'kuvina yekha paphwando la ukwati wa ena. Lelio anaijambulanso mu Chingerezi mu 2018 ndi Julianne Moore, ndipo mathero ake sanawasinthe.

Lachinayi ndinaitana wotsogolera filimu yathu, ndinamuonetsa mitundu yonse iwiri osanena kanthu. Ya masekondi 40 ija mayiyu amangooneka ngati akusaka malo abwino ogona. Wotsogolerayo anapukusa mutu.

Lachisanu tinakhala pansi ndi bwana uja. Tinakangana mpaka madzulo, khofi kuzizira. Mwamuna watsopanoyo watsala, koma amangooneka kamodzi akupereka moni pasitolo, osapitirira apo. Za pabedi tagwirizana mphindi ziwiri ndi masekondi 10. Zotsalazo ndazisunga mu foda ina, Lolemba ndikayambiranso nkhondo.