Zikomo kwa nonse amene munatibwereka makosi anu

Ife achipatala a kuno ku Zomba tatsiriza maphunziro ounika mitsempha ya m'khosi ndi makina a sikani, ndipo tati tithokoze poyera. Oyamba ndi inu amene munadzipereka kugona pabedi kuti tikuunikeni musakudwala n'komwe, a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, ena mpaka ku Domasi ndi Thondwe. Zikomo kwambiri. Tikuthokozanso odwala ndi owadikirira amene munavomera, komanso anamwino amene mumatikonzera chipinda ntchito ili yothina kale. Ambiri mumafunsa kuti tikusakanji m'khosi mwa munthu wabwinobwino. Muyenera kuyankhidwa.

Mbali iliyonse ya khosi kuli mtsempha waukulu wobweza magazi kuchoka kumutu kupita kumtima, dzina lake internal jugular. Ndi umene timalowetsamo kachubu wodwala akafooka moti mitsempha ya m'manja yabisala, kapena akafunika kusefedwa magazi impso zikaleka kugwira ntchito. Mabuku amaujambula uli chakunja kwa carotid, mtsempha wogunda uja umene umakweza magazi ku ubongo. Kwa ambiri zilidi choncho. Koma kwa ena umagona pamwamba penipeni pa carotid, ndiye singano ikauboola n'kupitirira imakalasa wogundawo. Magazi amaunjikana m'khosi msangamsanga, mwinanso mpaka kufinya kholingo. Kwa ena mbali imodzi ndi waung'ono kwambiri, moti kuusaka mongoyerekeza ndi kuzunza wodwala pachabe.

Makosi anu ndi amene atizoloweretsa dongosolo ili. Wodwala agone chagada, kumutu kutsike madigiri 10 mpaka 15 kuti mtsempha ufufume ndiponso mpweya usayamwikire mkati. Mutu utembenuke pang'ono chabe, chifukwa kuupotoza kwambiri kumakwezera mtsemphawo pamwamba pa carotid. Kenako dinikizani ndi kamutu ka makina: wobweza magazi umaphwa, wogunda sulola. Maonekedwe a magazi m'sirinji musawadalire, pakuti wodwala amene mpweya wamuchepera magazi ake amada ngakhale mu carotid. Timakonda kumanja popeza njira yake yopita kumtima ndi yowongoka, pamene kumanzere nsonga ya phapo imakwera pang'ono ndipo kuli kanjira ka madzi a m'thupi kotchedwa thoracic duct.

Zilipo zina zosowa kwambiri. Pa makosi 1,000 ochitidwa opaleshoni, pafupifupi anayi amapezeka kuti internal jugular yagawika pawiri. Nthawi zina nthambizo zimakumananso m'munsi n'kusiya kazenera, ndipo mtsempha wa uthenga umene umakweza phewa umakonda kudutsa pomwepo. Dokotala wochotsa mwanabere akamanga nthambi imodzi poyesa kuti ndi kamtsempha wamba, akhoza kudula wa uthengawo, munthu n'kutsala ndi phewa logwa. Anthu atatu mpaka asanu pa 1,000 alionse amabadwanso ndi mtsempha waukulu wotsikira kumtima chakumanzere kwa chifuwa, umene kwa ena onse umafota mwana ali m'mimba. Sudwalitsa, koma kachubu kolowera kumanzere kamaoneka pa ekisire kakutsika mbali yosayembekezeka, ndipo wosadziwa amakazula ndi mantha. Kutsogolo kwa khosi nako, pamwamba pa fupa la pachifuwa, timitsempha tiwiri timalumikizana mopingasa. Kwa ena mlumikizowu ndi wonenepa, ndipo woboola kholingo mothamanga amaudula.

Mwapadera tikuthokoza makolo amene munabwera ndi ana otupa m'khosi musanayese zina. Chilipo chotupa chofewa, chosapweteka, kawirikawiri chakumanja, chimene chimatuluka mwana akamalira, kutsokomola kapena kudzikanya, n'kuzimiririka akakhala phee. Chimenecho si mwanabere ndipo si chithupsa. Ndi mtsempha wobweza magazi uja, internal jugular, wangofutukuka ngati chibaluni, ndipo ambiri safuna opaleshoni, kungowaonaona basi. Chonde a malume ndi agogo, pamenepo pasatemedwe mphini kapena kubooledwa, chifukwa pansi pa khungu ndi mnofu wopyapyalawo pakuyenda magazi ambiri ochoka kumutu. Koma chotupa cholimba, chosasintha mwana akalira, ndi nkhani ina, ndipo chiyenera kuyezedwa TB ndi matenda ena mosachedwa.

Inu amene tinakuuzani kuti mitsempha yanu inayalidwa mosiyana ndi ya ambiri, musade nkhawa, simukudwala. Tinalemba m'mabuku anu a kuchipatala mbali imene ili yosiyana ndi mmene ilili. Tsamba limenelo muzilionetsa kwa dokotala kapena wogonetsa odwala musanachitidwe opaleshoni ya khosi kapena kuikidwa kachubu, ndipo buku likadzaza, pemphani kuti mawuwo akoperedwe m'buku latsopano.