Akuti mphindi 4 zokha

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa pa bawo, bola ndinene ndekha. Eya ndi zoona, ananditulutsa mchimbudzi anthu awiri. Koma imvani kaye mbali yanga.

Kavidiyo kaja pa YouTube analemba kuti Tabata, masekondi 20 kudumpha 10 kupuma, maulendo 8, mphindi 4 basi zatha. Ndinati aaa mphindi 4 nchani kwa ine wokulira mmunda wa fodya ku Mtunthama, munthu woti phiri la Kasungu ndinalikwerapo (kalekale inde, koma mwendo suiwala). Foni pa ndowa, mipando kumbali, kabudula wa mpira amene pano amathera kunsi kwa mimba.

Poyamba ndimamuposa ndithu mtsikana wa muvidiyoyo. Pofika pa ma burpee aja, ugwe pansi udzuke udumphe, kugwa ndinagwa bwinobwino koma kudzuka kunakana, iye akungomwetulira olo thukuta. Mayi akunyumba kusuzumira, "Abambo ake mwataya chani pansipo?" Ndinati ndikupuma masekondi 10 anga. Mpaka nsima inapsa.

Zenizeni zinabwera patapita masiku awiri, paja minofu imasunga mangawa, ululu wake sufika tsiku lomwelo. Mmawa ndalowa mchimbudzi chathu chokumba cha pa lendi, kunyonyomala kunatheka. Tsopano kudzuka. Ntchafu zinangoti ife tili pa sitiraka bwana. Ndagwira khoma, dothi likuyoyoka, ndawerenga wani thu fili ngati mtsikana uja, ziii, ndapemphera, ndalapa ndi machimo a ku pulayimale omwe, ntchentche zafika pondizolowera imodzi yakhala pamphuno ngati yalipira lendi, ndayang'ana dzenje lija nkuyamba kuganiza kuti pa maliro anga abusa adzati wafa ndi chani, nanga mwambo wa mawu achibale adzanena zoona? Panja mzere ukukula, mwana wa aneba akungoti odi odi, kenako kukuwa, "Amama, ankolo aja agonamo!"

Ndamva pambuyo pake kuti Tabatayo inayambira ku Japan kwa akatswiri othamanga pa ayezi, osati ife a mitanda inayi ya nsima masana. Nanga osalemba zimenezo pamwamba pa vidiyo bwanji? Komanso alamuwo pondinyamula anapumira kawiri panjira, zimenezo pa bawo sakunena.

Kabudula uja mayi akukolopera mnyumba.