Yasuke wa pa Netflix ndi Yasuke wa m'mbiri

Semesita ino pa Mzuni tikuphunzira za malonda a Apwitikizi pa nyanja ya Indian, nde mnzanga wina anandiuza kuti ndionere katuni ija ya Yasuke, ya 2021, ma episode 6 basi. Ndinaionera kope lili pambali.

Yasuke anali munthu weniweni. Anafika ku Japan mu 1579 limodzi ndi wansembe wachiJesuit Alessandro Valignano, ndipo buku lina la 1627 limati kwawo kunali ku Mozambique, aneba athu omwewa. Mu 1581 anakaonekera kwa Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu wa ku Japan, ku Kyoto, Nobunaga sanakhulupirire kuti khungu lakuda lija ndi lachibadwa mpaka analamula kuti amusambitse, kenako anamutenga kuti azimutumikira. Mu 1582 Akechi Mitsuhide, mmodzi wa akazembe a Nobunaga, anaukira mbuye wakeyo ku kachisi wa Honnō-ji, Nobunaga anafera pomwepo, Yasuke anabwezedwa kwa ansembe aja, zolembedwa za iye zimathera pamenepo.

Pomwe katuniyi imabwerera mmbuyo ku nthawi ya Nobunaga oipanga anagwira ntchito ndithu, umaona m'mene akuluakulu ena ankamunyozera mlendoyo, umamva kulemera kokhala wekha pakati pa anthu osakufuna. Zamatsenga sindikuzida ayi, anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira mizimu ndipo ifenso tinakula ndi nthano zotero. Koma nkhani yambiri anaiika zaka 20 pambuyo pake, Yasuke ali wopalasa bwato, kenako akutulukira maroboti akuluakulu owombera moto ndi mzimayi wa ku Russia wosanduka chimbalangondo, apa ine mtima unandiwawa zedi.

Zenizeni zinalipo zokwanira kale. Apwitikizi anafikitsa mfuti ku Tanegashima, chilumba cha ku Japan, mu 1543, pofika 1575 Nobunaga anali akuzigwiritsa ntchito pa nkhondo ya Nagashino. Zombo zawo zinkadutsa pa chilumba cha Mozambique, Goa, Macau mpaka Nagasaki zitanyamula katundu ndi akapolo omwe. Munthu wa kuno kwathu kuyenda njira yonseyo, kuphunzira chiJapan, kupatsidwa lupanga ndi nyumba, zimenezi zomwe anangozidutsa mwachangu ndi zomwe ndinkafuna kuona. Mu asainimenti yanga ndatenga gawo la zombo lomwelo.