Kodi nyenyezi zidzatha?

Usiku wathawu magetsi atazima tinakhala pakhonde, mphwanga n'kuloza kumwamba: "Achimwene, kodi nyenyezi zimenezi zidzatha?" Ndinamuseka, koma pogona tulo sitinabwere msanga.

Asayansi akuti chilengedwe chonsechi chatha zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, ndipo chikufutukukabe. Mu 1998 anapeza kuti kufutukukako kukuwonjezera liwiro m'malo mochepa. Zikapitirira choncho, milalang'amba, yomwe ndi magulu akuluakulu a nyenyezi, idzatalikirana, nyenyezi zidzazima imodziimodzi ngati makala a pambaula m'bandakucha, kutsale mdima ndi chisanu basi. Ngakhale dzuwa lathuli, pakadzatha zaka pafupifupi 5 biliyoni lidzafufuma n'kuyamba kufa. Mtima unandiwawa ndithu, ngati kuti ineyo ndidzakhalapo!

Ine ndakonda maganizo enawo, oti mwina zonse zidzabwerera m'mbuyo, kuunjikana pamodzi, kenako n'kuphulikanso, chilengedwe chatsopano n'kuyamba. Wasayansi wa ku Britain Roger Penrose naye, m'njira yakeyake, amati mapeto a chilengedwe china ndiwo chiyambi cha chinzake, ngakhale anzake ambiri sanavomereze. Umboni wake ngochepa, komabe zimenezi ndi zomwe ndinamuuza mphwanga. Iye anangoyasamula n'kuti, "Nanga magetsiwa ayaka nthawi yanji?"