Foni yamwa madzi, ine n'kutsekeredwa kunja

Lachiwiri, usiku

Foni yanga yafa lero m'mawa. Ndinaiika m'mphepete mwa sinki pamene ndinkasamba m'maso, chigongono chinaikhudza pang'ono, ndipo inangoti chubwi m'madzi. Sinakhalemo nthawi, mwina masekondi asanu. Ndinaivuula n'kuipukuta, sikirini inaphethira kawiri kenako n'kuzimiratu. Pomwepo ndinachitanso cholakwa china, ndinailumikiza ku chaja poganiza kuti mwina batire ndi limene lafooka. Foni yonyowa siyenera kuyandikira magetsi, chifukwa madzi akakhala m'kati magetsi amadutsa m'malo osayenera n'kuwotcha tizipangizo. Zimenezi ndimazidziwa, koma mantha amaiwalitsa.

Poyamba chimene chinkandipweteka mtima chinali foni yeniyeniyo, popeza sinakwanitse n'komwe zaka ziwiri. Ndinadzitonthoza kuti zonse zili pa intaneti, ndigwiritsa ntchito laputopu mpaka nditapeza ina. Panali chikalata cha kuntchito choyenera kutumizidwa isanakwane 10 koloko, ndiye ndinatsegula laputopu n'kupita pa imelo. Inandifunsa pasiwedi, chifukwa sabata yatha ndinafufuta zonse zimene burawuza imakumbukira. Pasiwedi ndimaidziwa pamtima, ndinailemba. Tsamba lotsatira linati ndilembe manambala 6 ochokera mu pulogalamu ya pafoni. Ndinacheuka n'kuona foni ija ili chigonere pathaulo, ndipo m'pamene ndinazindikira kukula kwa vuto.

Chitetezo chimenechi, chimene amachitcha two-factor authentication, ndinachiyatsa ndekha, ndipo ngakhale lero sindikunong'oneza bondo. Pasiwedi yokha siikwanira. Imabedwa, ena amailota, ndipo nthawi zina imatuluka akuba akathyola makompyuta a kampani imene unalembetsako. Ndiye pakhomo amaikapo maloko awiri, wina wotsegula ndi chimene ukudziwa, winayo ndi chimene uli nacho m'manja. Wakuba amene ali kutali akhoza kudziwa pasiwedi yako, koma foni yako alibe. Chimene sindinachiganizire mokwanira n'chakuti tsiku lina wopanda foniyo ndidzakhala ine ndemwe, ndipo makina sadziwa nkhope ya mwini akaunti. Kwa iwo, ine wa lero m'mawa ndi wakuba tinali amodzi. Tonse tili ndi pasiwedi, tonse tilibe foni.

Ndinadina pamene analemba kuti ndiyese njira ina. Yoyamba inali yotumiza uthenga wovomereza kufoni yomweyo. Yachiwiri inali yolemba imodzi mwa makhodi osungira padera. Ya SMS panalibe, chifukwa nambala yanga ndinaichotsa chaka chatha nditamva za anthu amene amanamiza kampani ya mafoni kuti SIM khadi yawo yatayika, n'kupatsidwa ina yokhala ndi nambala ya munthu wina, ndipo makhodi onse n'kumafika kwa iwo. Makhodi apadera aja ndinkawakumbukira bwino, ndinawajambula pasikirini tsiku limene ndinkayatsa chitetezochi. Chithunzicho chinali mufoni. Kope lake linali pa cloud, malo osungira zinthu pa intaneti, mu akaunti yomweyi imene yandikana. Kiyi wapadera wa nyumba ndinali nditamutsekera m'nyumba momwemo.

Ndinakhala phee kwa mphindi zingapo, thukuta lili kamukamu. Imelo imeneyi ndi mayi wa maakaunti anga onse. Ndikaiwala pasiwedi kwina kulikonse, uthenga wokonzera umabwera kumeneku. Muli makalata a zaka zoposa khumi, malisiti, mapepala a ntchito, manambala a anthu amene sindinawasunge pena paliponse.

Kenako ndinakumbukira kanthu kena. Madzulo a tsiku lomwe lija ndinafuna kusindikiza makhodiwo, koma makina analibe inki, ndiye ndinawakopera papepala ndi cholembera. Pepalalo ndinaliika kuti? Ndinakhuthula madirowa atatu, ndinagwedeza mabuku ndi makope akale, ndinafufuza ngakhale m'chikwama chimene ndinasiya kalekale kunyamula. Patatha pafupifupi ola lathunthu ndinalipeza mu envelopu ya masatifiketi ndi pasipoti, litapindidwa kanayi. Mizere khumi, uliwonse manambala 8. Pamwamba pake sindinalembe n'komwe kuti ndi a akaunti iti.

Khodi iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo ukapempha mndandanda watsopano wakale uja umafa nthawi yomweyo. Zimenezi n'zimene zinkandigunditsa mtima ndikulemba, chifukwa sindinkakumbukira ngati ndinapemphapo watsopano pakatipa. Pa nambala yachisanu dzanja langa linalemba mosaoneka bwino, sindinkadziwa ngati ndi 1 kapena 7. Ndinayesa 7, inakana. Ndinayesa 1. Imelo inatseguka. Ndinapumira m'mwamba, n'kutumiza chikalata chija ndi mawu opepesa, nthawi itadutsa kale 11 koloko.

Masana

M'dirowa lina munali foni yanga yakale ya sikirini yong'aluka pakona. SIM khadi sinavulale ndi madzi, ndinaiumitsa n'kuilowetsa mmenemo, ndipo maakaunti onse amene amatumiza khodi pa SMS anatseguka mosavuta. Apa ndiyenera kunena chilungamo. Njira ya SMS ndi yofooka kwa akuba, koma ndi imene inandilandira msanga lero, chifukwa nambala imasamuka nawe. Pulogalamu yopanga makhodi ndi yolimba kwambiri, koma ngati sunakonzeretu imafera limodzi ndi foni. Sindibwezeretsa SMS pa imelo. Ndaphunzira chabe kuti ukachotsa khomo limodzi lothawira uyenera kuboola lina tsiku lomwelo.

Pokhazikitsanso pulogalamuyo pafoni yakale ndinakumana ndi china chodabwitsa. Ndinajambula QR khodi bwinobwino, manambala n'kuyamba kubwera, koma onse ankakanidwa. Kanayi konse. Vuto linali wotchi. Foniyo inakhala yozimitsa kwa nthawi yaitali ndipo inali kumbuyo ndi mphindi zingapo. Makhodi amenewa sachita kutumizidwa kuchokera kwina. Mu QR khodi muja mumakhala chinsinsi chimene foni ndi kompyuta ya kampani zimasunga zonse ziwiri, ndiye chilichonse pachokha chimasakaniza chinsinsicho ndi nthawi n'kutulutsa manambala 6 atsopano pamasekondi 30 alionse. N'chifukwa chake zimagwira ntchito ngakhale popanda intaneti, ndipo n'chifukwa chake wotchi ikasokonekera manambala sagwirizana. Njira imeneyi amaitcha TOTP, ndipo malamulo ake anasindikizidwa mu 2011 kuti pulogalamu iliyonse izitha kuwatsatira. Nditauza foni kuti izitenga yokha nthawi pa netiweki, khodi yotsatira inalowa.

Kudziwa zimenezi kunandisonyeza chochita. Popeza chinsinsi chili mu QR khodi, palibe choletsa kuijambula ndi zipangizo ziwiri pa nthawi yokhazikitsa. Ndinatero ndi foni yakaleyi komanso ndi tabuleti imene imakhala pakhomo. Google Authenticator inayamba mu 2023 kulola kuti makhodi azisungidwanso mu akaunti ya Google, ndipo mapulogalamu ena ali ndi njira zawo zofanana. N'zothandiza, koma pa imelo yaikulu sindingadalire zokhazo, chifukwa kungakhalenso kutsekera kiyi m'nyumba. Ndaganizanso zogula makiyi enieni olowetsa pa USB, monga a YubiKey, awiri, wina woyenda naye ndi wina wosiya.

Akaunti imodzi yokha ndi imene yandikanika. Makhodi ake apadera sindinawalembe paliponse, ndikuganiza kuti tsikulo ndinangodina kuti ndidzachita nthawi ina. Pakadafunda padajiwitsa. Ndadzaza fomu, ndatumiza chithunzi cha chiphaso, ndipo andiuza kuti ndidikire masiku angapo. Sindikuwakwiyira. Akanatsegulira ine mofulumira chifukwa chongonena kuti ndine mwini wake, bwenzi akutseguliranso aliyense wonena chimodzimodzi.

Madzulo

Mbali yowawa inabwera ndikuona zithunzi. Zonse zinalipo mpaka miyezi itatu yapitayo, kenako palibe. Malo aulere amene makampani amapereka ndi ochepa, Google ndi 15 GB ndipo Apple ndi 5 GB, ndiye anga anadzaza. Chenjezo linkabwera pafupifupi tsiku lililonse, ine n'kumalikankhira pambali ndi chala. Zithunzi za miyezi itatu ndikhoza kuzipirira. Zina anzanga ali nazo.

Koma ndinayamba kufufuza mawu a amayi.

M'chaka chawo chomaliza ndinkawajambula akamalankhula. Ndinajambula kanayi. Ankafotokoza za ubwana wawo, za mmene anasankhira mayina athu, ndipo pena ankaseka mpaka kutsokomola. Chimwalirireni ndawamvetsera kawiri kokha, chifukwa mtima sunkalola, koma kudziwa kuti alipo kunkandikwanira. Ndinkaganiza kuti chilichonse cha mufoni chimakwera chokha pa cloud. Ayi ndithu. Pulogalamu yojambulira mawu imene ndinkagwiritsa ntchito inkasunga mufoni mokha, mufoda imene bakapu, kukopera zinthu pa cloud kuja, sinkaikhudza. Ndinafufuza mu imelo, mu laputopu, m'mafulashi awiri akale. Palibe.

Ndinaimbira achemwali anga. Poyamba sanandimve bwino chifukwa mawu anga ankanjenjemera.

"Achemwali, mukukumbukira mawu a amayi aja ndinakutumizirani? Kodi mukadali nawo?"

"Aja ankanena za mayina athu? Tadikira ndione. Chachitika n'chiyani, mwanawe?"

Ndinawafotokozera. Anakhala chete nthawi yaitali, ndikungomva kupuma kwawo, kenako anati, "Alipo. Amodzi okha, a mphindi 11. Ndikukutumizira pompano. Usalire, wamva?"

Atatu enawo ali mufoni yakufa ija, ndipo chiyembekezo chili pakuti iyakenso. Mafoni a masiku ano amabisa zonse zosungidwa m'kati mwa njira yakuti sizingawerengeke popanda foniyo ndi PIN yake, choncho kuchotsa kachipangizo kosungira n'kukaika pena sikuthandiza. Iyenera kuyaka, ngakhale kwa mphindi khumi zokha. Ndikakumbukira chaja chija cha m'mawa mtima umandiwawa.

Achemwali atatumiza, tinacheza pang'ono za foni yawo. Ndinawafunsa kuti itagwa lero angalowe bwanji mu imelo, ndipo anati sakudziwa. Makhodi apadera anali asanamvepo n'komwe. Ndinawatsogolera pang'onopang'ono mpaka anawapeza, ndipo ndinkamva cholembera chikukanda papepala. Ndinawapempha kuti alembe dzina la akaunti pamwamba ndiponso asiyanitse bwino 1 ndi 7. Anandiuzanso kuti bakapu yawo ya WhatsApp anaitseka ndi pasiwedi imene sakuikumbukira bwino. Zimenezi zinandidetsa nkhawa, chifukwa bakapu yotsekedwa chonchi, kaya ndi pasiwedi kapena ndi kiyi wa zilembo ndi manambala 64, ngakhale eni ake a WhatsApp sangakutsegulire ukataya foni ndi pasiwedi yomwe. Anaisintha foni ikadali m'manja mwawo, n'kuilemba papepala lomwelo.

Usiku uno ndakhala ndikukopera. Pali lamulo limene anthu osunga zinthu pakompyuta amalitchula kawirikawiri, la 3-2-1, limene linatchuka kudzera mwa wojambula zithunzi Peter Krogh. Limati chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Ndinkalidziwa, koma ndinkaganiza kuti cloud yokha yakwaniritsa zonse. Cloud yambiri ndi galasi chabe la zimene zili mufoni. Ukafufuta chithunzi kuno, chimachokanso uko, ndipo chimangokhala m'bini kwa masabata ochepa chisanatheretu. Komanso ukatsekeredwa kunja kwa akaunti, zonse zili mmenemo zimatsekeredwa m'kati, ngati mmene zinalili kwa ine lero m'mawa kwa maola awiri.

Ndiye ndatsitsa zithunzi zonse ndi makalata ofunika n'kuziika pa hadi disiki yapadera. Zatenga nthawi yaitali. Zitatha ndatsegula mafayilo angapo, akale ndi atsopano, kuti ndione ndi maso anga kuti akutsegukadi, chifukwa dzina la fayilo likhoza kuoneka pamndandanda m'kati mulibe kanthu. Disiki yachiwiri ndidzaisiya kwa achemwali. Ndapemphanso makhodi atsopano pa akaunti iliyonse imene ndalowamo, ndawalemba ndi zilembo zazikulu pamapepala awiri, lina labwerera mu envelopu ya pasipoti, lina lipita limodzi ndi disiki ija. Pamapepalapo sindinalembepo mapasiwedi, kuti wolitola asakhale ndi makiyi onse awiri.

Mawu a amayi a mphindi 11 aja tsopano ali pa laputopu, pa disiki, pa cloud ndi mufoni ya achemwali. Ndawamvetsera mpaka kumapeto ndisanayambe kulemba izi. Chakumapeto amanditchula dzina n'kufunsa ngati makinawo akujambulabe, ine n'kuyankha kuti inde.

Foni ija ndaiimika pashelefu, kakhomo ka SIM khadi kali kotsegula kuti mphepo izilowa. Sindiigwiranso usiku uno. Mawa m'mawa ndiipereka kwa odziwa kutsegula mafoni, ndipo ndikawauza kuti sikirini, kamera ndi zina zonse zilibe kanthu, bola iyake kamodzi.